Ndodo Ziwiri Zochokera ku Cairns

Vunamami, Kokopo
6 Novembala 2005

Okondedwa Amalume Enok,

Choyamba ndimve za moyo wanu kumeneko ku Cairns. Kuno tonse tili bwino, kupatula amayi amene akudandaula bondo, koma kumsika ndiye sajomba. Mwezi uno mphepo yakankhira phulusa la phiri lamoto la Tavurvur ku Rabaul, ndiye ife tapumako, zovala tikuyanika panja.

Malume, khalani kaye pansi. Andisankha! Ndili m'timu ya amayi ya chigawo chathu ya sofitibo, masewera anu aja omenya mpira ndi ndodo, imene ipite ku mpikisano waukulu ku Lae pa Pasaka. Tinalipo atsikana makumi anayi, atengapo khumi ndi asanu. Aphunzitsi athu, a ToVinau, atawerenga dzina langa anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Iwe si mphwake wa Enok, uja anaswa windo la sitolo ya Mtchaina ndi mpira?" Ndinangoti zyoli, koma mumtima ndinanyada kwabasi.

Tsiku lija munkakwera sitima phiri litaphulika, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, munati ndikadzavala yunifolomu ya chigawo mudzabwera kudzandionera. Mwina inu munangonena pofuna kuti ndisiye kulira. Ine sindinaiwale. Zaka khumi ndi chimodzi zatha osakuonani, ndiye nthawi ija ndi ino.

Pempho langa lina ndi ndodo yomenyera mpira. Yomwe ndili nayo ndi ija munasiya, ndipo yatha, ikumalira ngati chitini. Koma chonde musathamangire kugula. A ToVinau akuti ku Lae oyimbira amayang'ana chidindo cha pandodo, ndipo si chidindo chilichonse chimene amalola. Akandionetsa ndichijambula papepala, ndikutumizirani.

Ndine mphwanu,
Ludia


Cairns
29 Novembala 2005

Ludia mphwanga,

Kalata yako ndinaiwerenga nditaimirira pachipata cha padoko, magolovesi owotcherera zitsulo ali m'khwapa. Ndinakuwa mpaka mzungu woyendetsa kireni yokwezera katundu anatsika, kuyesa ndapsa. Magazi sanama, mwanawe! A ToVinau uwauze kuti mawindowo anali awiri.

Ine ndili bwino, msana wokha ndi umene wayamba mwano. Lachisanu lomwelo ndinakalipira tikiti ya ndege: Cairns, Mosbi, Lae, Lachinayi loti mawa Lachisanu Loyera. Ndaisunga m'Baibulo. Ukawauza amayi ako uyambe wawakhazika pansi, angagwe.

Zodikira chojambula chako zija ayi, zandikanika. Munthu amene anayamba kumenya mpira iwe usanabadwe angadikire kapepala? Pajatu ndimasewerabe. Lamlungu masana tili ndi ligi yathu ya madoda a mimba, ya mpira woponya mokweza pang'onopang'ono, ndipo mnzanga Darryl ali ndi ndodo ina yake yobiriwira. Abale inu! Ukangougunda mpira, umachita kuimba. Ine ndi msana wangawu ndinawulutsa nayo mpira mpaka koimika magalimoto. Ndinati basi, ya Ludia ndi imeneyi.

Kusitolo kamtsikana kogulitsa kanandifunsa kuti, "Bambo, ndodoyi ndi ya ligi iti?" Ine ndinati, "Ya anthu odziwa kumenya." Kanayamba kutulutsa mapepala, ine ndinati, "Mwanawe, kulunga ndizipita." Chidindo usade nacho nkhawa, chilipo, chachikulu, chofiira kuti psuu. Woyimbira ngakhale wa diso limodzi achiona.

Ndaipereka kwa Mayi IaTinut a kutchalitchi kwathu kuno, akubwera kwawo ku Raluana pa Khirisimasi. Ukaigwira undilembere msanga, ndimve mmene ikukhalira m'manja.

Malume ako,
Enok


Vunamami
27 Disembala 2005

Enok mlongo wanga,

Kaya uli bwanji iwe wosalembera mkulu wako, wongolembera ana. Ine ndilipo, bondo ndi lomweli.

Chibonga chako chinafika. IaTinut anatsika nacho m'minibasi atachinyamula paphewa, mudzi wonse pambuyo. Lamlungu abusa anachisanjika manja, ndipo amayi a kwaya anachita kulimbirana kuchigwira. Ndinapha nkhuku ziwiri, ndinaphika aigir, ndiwo zathu zija za kokonati zophikira pamiyala yamoto, anthu anadya mpaka kumasula malamba. Loweruka Ludia anasewera nacho mu ligi ya pano pa Kokopo, anamenya mpira n'kukagwera m'munda wa koko, ndipo mpaka lero sunapezeke. Anthu akuti mzimu wa Enok wabwerera.

Za tikiti ndamva. Sindinagwe, iwe wabodza, koma ndinalira pamsika anthu akundiona, kasitomala wina n'kuchoka ndi buai wanga, mtedza wotafuna uja, mtolo wathunthu ine osazindikira. Chipinda chako ndasesa kale. Ndauza Ludia kuti ku Lae ndipita naye pasitima, bondo lifune lisafune, tikakuchingamire pabwalo la ndege. Tikatero tidzabwere nawe kuno ukaone manda a amayi.

Mwanayu sanalembe chifukwa watanganidwa. Pali kanthu kakang'ono kamene kamukhumudwitsa pa chibongachi, koma si kanthu koti mwamuna wa ntchito zake n'kusowa nako tulo. Ndikonza ndekha. Ndinalera ana anayi bambo wawo atamwalira, chitsulo sichingandikanike.

Ukamabwera unditengere magalasi owerengera, awa ndili nawowa ndi a malemu alamu ako, ndimaona nawo zinthu ziwiriziwiri.

Mkulu wako,
Rakel


Cairns
19 Januwale 2006

Achemwali,

Moni wanu ndalandira, ndipo magalasi ndagula kale. Nkhani ya mpira wosowa m'munda wa koko ndaifotokoza padoko ponse, mpaka anzanga akumandithawa.

Koma ndikuuzeni zoona, mtima wanga suli m'malo. Mwezi wathunthu mwana ali ndi ndodo m'manja, ngakhale mzere umodzi wakuti zikomo? Tsiku lililonse ndikaweruka ndimatsegula bokosi la makalata, muli mapepala otsatsa malonda okhaokha. Kutanganidwa kwake n'kotani? Kapena wakula, waona kuti malume wake ndi nkhalamba yongowotcherera mabwato a eni? Ngati ndi mtundu wobiriwirawo sanaukonde, anene, sindidya munthu.

Ndipo inu, kanthu kakang'ono kameneko n'kachiyani? Ndimakudziwani, Achemwali. Munakonzapo wailesi ya abambo ndi mafuta a kokonati. Chonde ndodoyo musaikhudze.

Kuntchito kwachepa zochita, mvula yachuluka, maola owonjezera anatidula. Koma tikiti ili pomwe ndinaisiya, ndimaisuzumira ndikamawerenga Masalimo.

Mlongo wanu,
Enok


Vunamami
7 Febuluwale 2006

Okondedwa Amalume,

Amayi andiwerengera kalata yanu ndipo ndalira. Sikuti sindikuthokoza ayi. Ndayamba kalata ino kanayi, kanayi konse ndang'amba. Mwana amauza bwanji malume ake kuti mphatso yawo ili ndi vuto? Komanso ndikuona kuti kalata yanga ya chojambula ija sinakupezeni.

Ndodoyi ndi yokoma, sindinagwirepo ina yotere. Koma ku Lae sindingalowe nayo. Chidindo chofiiracho ndi cha maligi ngati yanu ija, ya mpira woponya pang'onopang'ono. Kwathu kuno woponya amaima pafupi ndipo amaponya mwaliwiro, ndiye ndodo yobweza mpira mwamphamvu chonchi ingamuphwanye nkhope asanakweze n'komwe dzanja. Mu ligi ya pa Kokopo palibe amafunsa, bola ndodo. Koma ku mpikisano waukulu amafola ndodo zonse pansi masewera asanayambe, n'kumayang'ana chidindo cha bungwe la dziko lonse, chaching'ono chozungulira, komanso dzina la ndodoyo pamndandanda wawo. A ToVinau atangoiona anapukusa mutu n'kunena kuti, "Enok wagula imene iyeyo akanakonda kumenyera."

Tsopano imvani zimene anachita amayi. Ine nditapita kokolola koko, iwo anatenga ndodo ndi pepala lotsala la chojambula changa, ulendo kwa Pelis, uja amalemba mayina pamaminibasi. Pelis anapala chidindo chofiira chija ndi sandipepa, n'kupentapo chinacho. Ataona kuti chikuoneka chosasangalatsa, anawonjezerapo kaluwa pambali. Amayi anabwera nayo akumwetulira, ati, "Ndakonza. Tsopano akaletse tione."

A ToVinau anaseka mpaka kukhala pansi. Atatha kuseka anakalipa zoopsa, ati woyimbira akanaigwira ku Lae akanathamangitsa timu yonse, dzina la chigawo n'kuipa. Amayi anawayankha kuti, "Ndiye oyimbirawo amadana ndi maluwa?" Masiku awiri sitinalankhulane m'nyumba.

Pepani malume. Ndikudziwa munagula ndi mtima wonse.

Mphwanu,
Ludia


Cairns
26 Febuluwale 2006

Ludia,

Ndawerenga. Poyamba ndinapsa mtima, ndinayamba ndi a ToVinau, kenako Pelis, kenako oyimbira onse a dziko lapansi. Nditamaliza onsewo ndinapeza kuti watsala mmodzi, yemwe anakana kuwerenga mapepala m'sitolo. Safunsa anadya phula, mwanawe, ndipo ine ndadya lambiri. Chojambula chako chinafika dzana, chitazungulira kaya kuti, envulopu ili ndi zidindo zisanu. Zidindo zandizunza chaka chino!

Ndinabwerera kusitolo kuja mutu uli pansi. Kamtsikana kaja kanandizindikira, ndipo kanali ndi ulemu, sikanaseke. Kanandionetsa ndodo ziwiri zofanana ngati mapasa, ina ya ligi yathu, ina ya ligi yanu, kusiyana kwake kachidindo kochepa ngati chikhadabo. Kanati bwana wake ndi munthu womva, ndodo ikabwera isanaperepeseke kwambiri akhoza kundisinthira n'kungowonjezera pang'ono. Ndinafunsa kuti, "Nanga itakhala ndi kaluwa?" Apo ndiye kanalephera kupirira.

Amayi ako uwauze kuti sindinakwiye. Ndikanakhala ine ndikanapita kwa Pelis yemweyo, kungoti ndikanamuuza ajambulepo nsomba.

Iwe usade nkhawa, limbikira masewera. Ku Lae sukaima pamaso pa anthu ndi chitini chija ayi. Zimenezo undisiyire ine.

Malume ako wopanda makutu,
Enok


Vunamami
14 Malichi 2006

Amalume,

Ndikulemba mothamanga, minibasi ya ku positi ikundidikira. Mawu anu akuti "undisiyire ine" andiopsa. Munanena nokha kwa amayi kuti maola owonjezera anakudulani. Ndiye ndodo ina muigula ndi chiyani?

Chonde musagule. Timu ili ndi ndodo ziwiri zololedwa zimene tonse timabwerekana. Ina ndi yolemera, ina chogwirira chake chinasosoka, koma zimamenya. Ndakhala ndikuyeserera yolemerayo m'mawa uliwonse ndipo manja ayamba kuizolowera. Ndodo ndingabwereke, malume. Inu ndingakubwerekeni kwa ndani?

Amayi asoka kale nkhata ya maluwa a nsalu yoti akakuvekeni, ati enieni angafote pasitima. Tinyamuka pa 10 Epulo. Lachinayi tidzakhala pabwalo la ndege kuyambira m'mawa. Mungobwera ndi chikwama chanu basi.

Ludia


Cairns
11 Epulo 2006

Ludia mphwanga, ndi inu Achemwali,

Kalata ino muipeza m'katoni yomweyi. Amene wakupatsaniyu ndi Gideon, mnyamata wa ku Lae amene timagwira naye ntchito, akupita kwawo kukaona mkazi wake. Musamukalipire, iye wangotumidwa.

Kalata yako ya pa 14 inandipeza nditabweza kale tikiti masabata atatu m'mbuyomo, ndalama zake n'kugulira ndodo ina. Ndinathamangira kuofesi ya ndege, koma malo anali atatha, ndipo ngakhale akanakhalapo m'thumba munalibe. Ndinaganiza zokulemberani, koma ndinaopa kuti Achemwali akamva sakwera sitima, iwe n'kukasewera wopanda wako aliyense wokuwombera m'manja. Mwina apanso ndalakwitsa. Chaka chino chilichonse chimene ndikuganiza ndekha chikumatuluka chokhota.

Ndodoyi ndiye ndafunsa, mwanawe. Ndinapita ndi chojambula chako, kamtsikana kaja kanayang'ana pamndandanda ine ndikuloza ndi chala, kanaimbiranso foni woyimbira wina wa kuno. Ndinachita kukauza kuti, "Werenganso." Ndi yakuda, yopepuka, yoyenera msinkhu wako. Sindinamenyere ngakhale kamodzi, ngakhale manja amayabwa.

Sindikanatha kukhala pabenchi n'kumakuonera ukulimbana ndi ndodo yobwereka chifukwa cha kuuma mutu kwanga. Ukamenya, menya ndithu, ndimva ndili konkuno. Magalasi a amayi ako ali m'sokosi, pansi pa katoni.

Ndikhululukireni nonse awiri.
Enok


Vunamami
24 Epulo 2006

Enok,

Moni sindikupatsa, sunamuyenere. Chabwino, moni. Tafika dzulo, bondo latupa, ndipo ndikulemba ndi magalasi ako, ndiye ukaona zilembo zokhota usanamizire maso anga.

Tinafika pabwalo la ndege dzuwa lisanakwere. Ndinavala diresi yanga ya kutchalitchi, nkhata m'manja. Ndege itatera ndinayamba kuwerenga amuna otsika. Wina wonenepa ndinamuthamangira, anali wa ku Manus. Anthu onse anatha. Kenako kunatulukira mwamuna wamtali atanyamula katoni yaitali, akufunsa kuti, "Mayi Rakel ndi ati?" Enok, ndinayesa wafa. Ndinakhala pansi pomwepo pasimenti. Ludia ndi amene anang'amba envulopu n'kuwerenga mokweza. Nkhata ija ndinamuveka Gideon, nanga ndikanatani nayo? Iye anangoima, manyazi atamugwira, maluwa ali m'khosi.

Mwanayu anakana kuigwira ndodoyo. Anati, "Ichi chadya malume anga, sindichifuna." Lachisanu anasewera ndi yobwereka ija, anaphonya katatu, kenakonso katatu. Madzulo ake ndinamukhazika pansi. Ndinati, "Malume ako ndi chitsiru, ine ndine chitsiru chachikulu chifukwa cha utoto uja, koma iwe usakhale chachitatu. Munthu wasiya manda a amayi ake kuti iwe ugwire chimenechi."

Loweruka anaitenga. Oyimbira anafola ndodo zonse pa udzu. Wina wa ndevu anainyamula yakoyo, kuitembenuza, kuyang'ana pepala, kuitembenuzanso. Kenako anaiika kumbali ya zololedwa, ndipo ndinalulutira ndekha bwalo lonse lili chete. Ludia akuti ndinamuchititsa manyazi.

Malamulo a masewera anuwa sindiwadziwa, ndingokuuza zimene ndinaona. Tinkasewera ndi a ku Madang, atsikana athu awiri ali pangodya, ife tikutsalira ndi chigoli chimodzi. Woponya wawo ndi mkazi wa mkono woopsa. Mpira woyamba Ludia anausiya. Wachiwiri anaphonya. Wachitatu ndinangomva kuti khoo! Mpira unadutsa pakati pa atsikana awiri a ku Madang, n'kugubuduka mpaka kumpanda. Athu awiri aja analowa, tinapambana. Lamlungu a ku Mosbi anatichotsa, koma zimenezo ndi zawo. Munthu wina wa kope m'manja anabwera kudzafunsa dzina la Ludia ndi zaka zake, a ToVinau akuti chimenecho n'chizindikiro chabwino.

Koma ndikuuze chimene sunaone. Atamenya mpira uja anathamanga n'kukaima pangodya yachiwiri. Anzake akudumpha, anthu akukuwa. Iye sanakweze manja. Anatembenuka n'kuyang'ana pomwe ndinakhala ine, osati ineyo, koma pambali panga. Pamphasa ndinali nditasiya malo a munthu mmodzi. Masiku atatu ndinkathamangitsa aliyense wofuna kukhalapo, ndikudziwa bwinobwino kuti sukubwera. Usandifunse chifukwa chake.

Tsopano m'nyumba muno muli zibonga ziwiri, cha maluwa ndi chakuda, zatsamira pakhoma la chipinda chimene ndinakusesera. Ludia akulembera yake mawa, akuti akufotokozera mpira uliwonse mmene unabwerera. Ine zanga ndi izi. Iwe ukaganiza za ife umathamangira kusitolo, wakhala ukutero zaka zonsezi, ndipo ife takhala tikulandira n'kumathokoza, ndiye mlanduwu ndi wa tonse. Lero ndautseka. Usatumizenso kanthu. Kaya ndi IaTinut, kaya ndi Gideon, kaya ndi positi, chilichonse chochokera ku Cairns ndidzachibweza osatsegula, pokhapokha chikhale choyenda ndi miyendo iwiri, chodziwa kundiyankha mwano.

Ndakusowa, mwana wa amayi. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zitatu, ndipo pabwalo la ndege paja ndaphunzira mmene zidzamvekere tsiku lina akadzabwera munthu wachilendo n'kufunsa kuti Mayi Rakel ndi ati. Sindikufuna kuti tidzaonane choncho. Bwera ngakhale chimanjamanja.

Mkulu wako,
Rakel